Kamba wa a Dzonzi Amwa Dizilo

Ana inu, pali mawu aja ndimakukalipirani nawo mukamadumpha msewu ndi liwiro popita kusukulu. Mwambi umenewu chiyambi chake chinali chotere.

Pamudzi wina wa kumapiri panali bambo dzina lawo a Dzonzi. Iwowa anali ndi kagalimoto kakale kobiriwira, kamsana wozungulira, kamene anawasiyira dokotala wina yemwe ankamugwirira ntchito. Anthu ankakatchula kuti Kamba, chifukwa cha maonekedwe komanso mayendedwe. Kwa zaka makumi awiri, mkwatibwi aliyense wa m'deralo ankapita kutchalitchi pa Kamba. A Dzonzi analibe ng'ombe kapena golosale, koma pa tsiku la ukwati anthu ankawasesera njira.

Vuto linali limodzi. Pakati pa mudzi ndi tchalitchi panali chitunda chachitali, ndipo Kamba atakalamba anayamba kumafera pakati pake. Pa ukwati wina operekeza akwati anachita kutsika n'kukankha, masuti ali m'thupi.

Chaka chimenecho a Kaphwiti, mlongo wawo wa Nankhoma mkazi wa a Dzonzi, anagula pikapu ya dizilo. Inkakwera chitunda chija itasenza matumba a mbatata, ikubangula ngati nkhunzi. A Dzonzi akaimva ikudutsa, chakudya chinkawawa m'kamwa.

"Utsi wokhawokha," ankatero. "Galimoto yeniyeni siitsokomola choncho."

"Nanga mukusuzumiriranji pawindo?" ankafunsa Nankhoma.

Ndiye unafika ukwati wa Mwandida, mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi. Paja kwathu kuno mwini mbumba ndi malume. Pa zokambirana a Kaphwiti anakhala pampando wabwino, kiyi wa pikapu akumuzunguza pachala.

"Alamu, musadandaule," anatero. "Mwana wa mlongo wanga sakankha galimoto atavala velo. Akwera yanga. Kamba wanuyo anyamule mapoto."

A Dzonzi anamva ngati awathira tsabola m'maso. Ana a eni onse aja anawanyamula, lero wawo yemwe akwere pikapu ya mbatata?

"Kamba akakwera chitunda chija popanda womukankha, mutani?"

"Akatero, mwana ndi wanu, mumunyamule," anayankha a Kaphwiti akuseka.

M'mawa mwake a Dzonzi anapita kwa a Binali, makaniko wa pamsika. Kuseri kwa galaja kunali injini ya minibasi yomwe inachita ngozi, itafunditsidwa chiguduli.

"Iyi ndi ya dizilo?"

"Ndi ya dizilo."

"Poyerekeza ndi ya alamu anga?"

"Iyi ndi yaikuluko."

"Muike mwa Kamba."

A Binali anayang'ana injini, anayang'ana Kamba, kenako anayang'ana a Dzonzi nthawi yaitali.

"Achimwene, mtima wa ng'ombe sulowa m'chifuwa cha nkhuku. Bwerani nayo injini yanu yakaleyo tiikonze. Chitunda izikwera, kungoti pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono ndatopa napo. Ndikufuna a Kaphwiti amve ndi makutu awo."

Anagwirizana mbuzi zitatu, ntchito n'kuyamba. Injini inakana kulowa, a Binali anadula zitsulo za m'mbali. Italowa, boneti inakana kutsekeka, anaimanga ndi linya. Atamutsitsa Kamba pajeke, mphuno yake inagwada mpaka kutsala pang'ono kununkhiza dothi, matako ali m'mwamba ngati nkhuku yojompha. Anaika matumba awiri a mchenga kumbuyo kuti akhale pansi. Atailiza, magalasi ananjenjemera, kagalasi koonera kumbuyo kanathothoka, agalu a pamsika onse anathawa. A Dzonzi misozi inalengeza ndi chimwemwe.

"Ntchito siinathe," anatero a Binali Lachisanu madzulo. "Mabuleki awa anapangidwira kagalimoto kopepuka. Tiyenera kusintha. Chinanso, injini iyi sizima ndi kiyi ngati ya petulo. Imafuna waya wokoka wotsekera mafuta, ndipo sindinaupeze. Pakadali pano muziizimitsa potsegula boneti n'kukankha kachitsulo aka. Ndipatseni sabata ziwiri."

"Ukwati ndi mawa."

"Ndiye mwanayo akwere ya amalume ake."

A Dzonzi anatenga kiyi. Analowa m'galimoto n'kumapita, utsi uli tolotolo.

Loweruka m'mawa Kamba anavekedwa maliboni oyera ndi maluwa. A Dzonzi anachotsa matumba a mchenga aja, poti galimoto ya mkwatibwi siyenda ndi mchenga, n'kuuza Nankhoma kuti akhale kumbuyo pamodzi ndi mwana wake.

"Ine ndimati ndikwera ndi achimwene."

"Ayi, khalani momwemu. Mukufunika."

"Kufunika chiyani?"

"Kulemera," anatero a Dzonzi mosaganiza, ndipo Nankhoma anawayang'ana ndi diso loti tidzakambirana.

A Kaphwiti anatsutsa kuti Kamba sanayesedwe pachitunda. A Dzonzi anati mayeso ndi omwewa, Kamba akafa panjira mkwatibwi asamukire m'pikapu. Mwandida anangoti, "Ababa, chachikulu ndikafike nthawi yabwino. Abusa ati ali ndi ukwati wina masana, sadikira."

Mwambo wake ndi woti galimoto ya mkwatibwi iziyenda mwaulemu kuti amayi aziyimba m'mbali mwake. Koma pikapu inatsogola, itadzaza anthu a kwaya, ndipo a Dzonzi sanapirire kuona msana wake. Atafika patsinde pa chitunda anaponda mafuta. Kamba anabangula, anadumpha, n'kuyamba kukwera ngati wagwidwa ndi mizimu. Pakati pa chitunda, pomwe ankafera paja, anaipitirira pikapu. A Dzonzi anatulutsa mutu pawindo.

"Alamu, kodi yafa? Ndikutumizireni anthu okankha?"

Sanaonepo chinthu chokoma ngati nkhope ya a Kaphwiti ikuchepa m'fumbi. Anafika pamwamba akuyimba nyimbo.

Koma chitunda chili ndi mbali ziwiri. Tchalitchi chinali kumunsi kwa mbali inayo, ndipo chiinjini chija chinayamba kukoka Kamba ngati ng'ombe yoona madzi. A Dzonzi anaponda buleki. Kamba anachita ngati wamva, kenako kunabwera fungo la chinthu chopserera, phazi n'kufika pansi popanda chogwira.

"Bambo a Mwandida, chepetsani."

"Ndikuchepetsa."

"Simukuchepetsa."

Anayesa kubweza giya, giya inangokukuta mano. Anapotokola kiyi, mpaka kumuzula n'kumugwira m'manja. Injini inapitiriza kubangula osalabadira. Kachitsulo kozimitsira kaja kanali kutsogolo, pansi pa boneti yomangidwa ndi linya.

Pakhomo pa tchalitchi anthu anali atafola mizere iwiri. Mkwati anaima pamasitepe, duwa lili pachifuwa. Ataona maliboni, amayi anayamba nthungululu ndi kuyala zitenje pansi. Nthungululuzo zinathera m'malere, chifukwa Kamba anangodutsa kuti psuu, hutala ikulira, velo la Mwandida likuuluka pawindo. Mkwati anakweza dzanja ngati munthu woimitsa basi.

"Ababa, tchalitchi chija ndi icho tachisiya."

"Ndachiona, mwanangu."

Anadutsa sukulu, anadutsa chigayo, anabalalitsa mbuzi za eni. Msewu unakathera kudambo, ndipo Kamba analowa m'dimba la mpiru n'kuzika mphuno m'matope mpaka magalasi. Apo ndiye injini inatsamwa n'kukhala chete. Mwamwayi palibe anavulala, ana inu, koma zikanatha kuipa kwambiri. Nankhoma anatsika, nsapato zili m'manja.

Patapita kanthawi inamveka pikapu ikubwera mosapupuluma. A Kaphwiti anatsika, anavula jekete, anabereka Mwandida kumsana kuti diresi lisade, n'kukamukhazika kutsogolo. Nankhoma anakwera pambali pake. A Dzonzi atati akwere kumbuyo, mwini dimba anawagwira mkono.

"Inu mutsale kaye, tione za mpiru wangawu."

Pamene ankamaliza kupepesa n'kuyenda wapansi mtunda wonse uja, matope ali m'mawondo, anapeza akwati akutuluka m'tchalitchi, mphete zili kuzala. Amene anamupereka Mwandida kutsogolo anali a Kaphwiti. Amene anajambulitsa naye chithunzi pamasitepe anali a Kaphwiti. Ndipo maliboni atsopano anali pa pikapu ya mbatata.

A Dzonzi anaima pambali, mtima ukuwawa kuposa mapazi. Komabe nsanje siimva manyazi. Anasendera kwa mlamu wawo n'kunena motsitsa mawu:

"Koma pachitunda paja ndinakupitirirani. Musadzakane."

A Kaphwiti anawachotsa tsamba la mpiru paphewa, n'kuyankha mokweza kuti onse amve:

"Sindingakane, alamu. Munathamanga ndithu, mpingo wonse ndi mboni. Koma kuthamanga si kufika."