Nthiti za Chikondi pa Filimu ya Bambo Ake

Nkhani iyi imandichititsa manyazi mpaka lero, koma poti ana anga amaithira mchere wambiri, ndi bwino muimve kwa mwini wakene.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, tikukhala kunja kwa dziko lino, ku North York. Bambo a Chikondi ankagwira ntchito mu labu ya payunivesite. Ine sukulu ndinalekezera pulayimale, koma pa mwana diso langa linali lakuthwa.

Mwana wathu Chikondi atadwala chifuwa, kuchipatala anamujambula ekisirei, natiuza kuti tidikire zotsatira. Loweruka m'mawa, bambo ake ali mtulo, ndinapeza filimu m'chikwama chawo. Ndinaiunika pawindo. Timizere takuda tosanjikizana, tina toduka, tina tosowa. Nthiti za mwana wanga! Ndiye bambowa akundibisira?

Mwana kumbuyo, jekete pamwamba, ulendo pa sitima ya pansi pa nthaka mpaka kuchipatala m'tauni.

Dokotala anaika filimuyo pa nyali. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anavula magalasi, naitana wina. Posakhalitsa madokotala anaunjikana pafilimupo akunong'onezana, ine misozi chuchuchu, Chikondi akukukuta bisiketi.

"Adokotala, musandibisire. Achira?"

"Ndani, mayi?"

"Mwanayu. Si nthiti zakezo?"

"Mayi, mwana wa nthiti zochuluka chonchi akanakhala nsato."

Anandikhazika pansi nandifotokozera kuti imeneyo si ekisirei ya mwana koma filimu ya ku labu, yoonetsa DNA, malangizo olembedwa m'kati mwa chamoyo chilichonse, ndipo mzere uliwonse ndi chilembo. Ntchito yowerenga zilembozo, imene inkadya zaka, njira yatsopano ya filimuyi inkaimaliza m'masiku ochepa. Iwonso ankangoimva mbiri, anali asanaionepo ndi maso.

Anayendetsa chala kuchokera pansi: "A, G, G, T, C."

Kulira kunatha. Zilembo zinayi zokha, zoti ngakhale ine ndimazidziwa, n'zimene Mulungu analembera udzu, nsomba ndi Chikondi yemwe. Ndinangoti kukamwa yasa.

Ekisirei yeniyeni anakaifufuza n'kuipeza: mapapo abwinobwino, chinali chimfine chabe.

Atawaimbira foni, bambo a Chikondi anafika ali wefuwefu, malaya atawavala mopindulira. Ndinawatambasulira mwana kuti amulandire. Iwo anandilambalala, nakanyamula filimu ija ngati khanda.

"Amake Chikondi, simunaipinde eti?"

Si chithunzi chilichonse chakuda chimene chili cha mwana wako.