Tsiku limene ndinalengeza kuti ndimakonda nzeru

Pali phunziro lina limene linatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito ndisanathe n'komwe teremu imodzi, ndipo wolakwa ndinali ine ndi pakamwa pangapa.

Matipate atangoyamba kumene ndinachoka ku seminale (tinene zoona, anandichotsa, koma imeneyo ndi nkhani ina) n'kupeza ntchito yophunzitsa pa kasekondale kena kufupi ndi Nguludi. Anandilemba ndi a komiti ya makolo, ndipo wapampando wake, a Namakhwa, anandiuziratu kuti ndikangolakwa kamodzi ndibwerere kwathu ku Namadzi.

Tsiku lina aphunzitsi a masamu sanabwere, ine n'kulowa mu Fomu 3 kuti ana aone kuti mabuku ndinawadya. Ndinalemba pabolodi kuti FILOSOFI.

"Mawu awa ndi achigiriki, tanthauzo lake ndi kukonda nzeru," ndinatero. "Si kuloweza mayankho ayi, koma kufunsa. Chilungamo n'chiyani? Tikudziwa bwanji kuti zimene tikudziwazo n'zoona? Ineyo pano ndimakonda nzeru, ndipo sindibisa."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine kuganiza kuti phunziro lakoma, ndinathira mchere: "Unsembe ndinausiya chifukwa cha nzeru."

Mtsikana wina wakutsogolo anaimika mkono. "Sala, nanga eni akewo akudziwa?"

"Nzeru ilibe mwini," ndinayankha modzitama. "Aliyense atha kuifunafuna."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti madamu a Sitandade 2 pa pulayimale yoyandikana nafe, amene ndinkawapatsa moni mwachibwibwi m'mawa uliwonse, dzina lawo linali Nzeru. Atsibweni awo anali a Namakhwa omwe aja.

M'mawa mwake anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapita ndili ndi mantha zedi.

"Aphunzitsi, tamva kuti mwana wa mlongo wanga alibe mwini," anatero a Namakhwa.

Ndinafotokoza zonse, ndi zachigiriki zomwe, thukuta lili kamukamu. Iwo anamvetsera mpaka ndinatha mawu.

"Ndiye mukuti filosofiyo ndi kufunsa?"

"Eya, bambo."

"Nanga ana akuseka muja, inu munafunsa chimene ankasekacho?"

Zaka zonse za ku seminale zija, mlimi wa nandoloyu anandigwetsa ndi funso limodzi.

"Ntchito pitirizani," anatero akunyamuka. "Mwana wanga wa mu Fomu 3 dzulo anandifunsa kuti chilungamo n'chiyani, mpaka pano ndikuganizabe. Koma ngati zinazo zilipodi, kuno sitifunsira mbeta pabolodi. Mubwere ndi atsibweni anu."

Ndinakhala miyezi iwiri ndikudzifunsa ngati zinazo zinalipodi (filosofi inandithandiza apa pokha), kenaka ndinapalasa njinga kukawatenga atsibweni anga.

Lero ndili pa chikamwini m'mudzi mwa a Namakhwa, ndipo ana akaseka m'kalasi ndimayamba ndaika choko pansi n'kufunsa. Kunyumba kokha ndiye sindinaphunzirebe. Ndikayamba zoti tikudziwa bwanji kuti munda ukufunika kupalira, Nzeru amangondipatsa khasu.