Khodi ya M'jekete la Kambalame

Tsekani kaye malaputopu anuwo, ana anga, mumve. Mwambi umene mwandifunsawu unayamba motere, ndipo wina akakuuzani kuti ndi wakale kuposa kompyuta, musakangane naye.

Ku Zomba kunali bambo wina dzina lake Kambalame, katswiri polemba mapulogalamu. Tsiku lina anapeza pa intaneti pulogalamu yaulere yowerengera anthu osaona zimene zalembedwa pa kompyuta. Inkalankhula Chingerezi chokha, koma eni ake analola aliyense kuisintha, bola wosinthayo agawirenso anzake. Kambalame anaikhalira pansi mpaka inayamba kulankhula Chichewa. Mawu ake anali a Mayi Nasibeko, mphunzitsi wa pasukulu ina ya ana osaona, amene anajambulitsa mawu awo mwaulere.

Paja pulogalamu yotere imatuluka mitolo iwiri. Woyamba ndi khodi, zimene munthu analemba ndi manja ake, zoti mnzake angawerenge, kukonza ndi kumanganso. Wachiwiri ndi pulogalamu yomangamanga, yongoika m'kompyuta n'kuyamba ntchito, koma m'kati mwake simungalowe munthu. Kambalame anatulutsa wachiwiri wokhawo.

"Nanga khodi ili kuti, bambo?" anafunsa Mayi Nasibeko.

"Ili pabwino, mayi."

"Pabwino pake ndi pamene anthu angaipeze. Si mmene eni ake ananenera?"

"Eni akewo sadziwa anthu akuno. Ndiike poyera lero, mawa mumve wina ku Lilongwe akuti analemba ndi iye. Ana anu akufuna kumva mawu, safuna khodi."

Ana ankamvadi. Mtsikana wina wa Fomu 4, Mwatitha, anawerenga yekha buku lathunthu koyamba m'moyo wake, popanda kupempha munthu. Dzina la Kambalame linamveka, ndipo pamene linkakula, mantha akenso ankakula.

Poyamba anachotsa khodi ija pa kompyuta ya kuntchito, poopa anzake. Kenako laputopu yake inayamba kuvuta. Asanaipereke kwa okonza, anasamutsira khodi pa kafulashi, kachipangizo kakang'ono kosungira za m'kompyuta, n'kufufuta zonse m'laputopumo, poopa okonzawo. Kafulashiko anayamba wakaika m'thumba, koma anakumbukira akuba a m'minibasi. Anakaika m'kabati, koma anakumbukira alamu ake okonda kufwanthula. Pomaliza anatenga singano, n'kukasokerera m'kati mwa jekete lakale limene linali pansi penipeni pa sutikesi. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake.

Chaka chotsatira sukulu ija inalandira makompyuta atsopano, akale aja n'kutengedwa. Ataikamo pulogalamu ya Kambalame, inangoti zii. Inali yomangira makina akale, ndipo atsopanowa sankaidziwa. Mayeso anali pafupi.

"Imeneyo ndi nkhani yaing'ono," Kambalame anauza Mayi Nasibeko pa foni. "Ndingoimanganso kuchokera ku khodi."

Anathamangira kunyumba, natsegula sutikesi. Anakhuthula zonse pansi. Jekete munalibe.

"Mayi a Chikaiko!" anaitana mkazi wake. "Jekete langa lakuda lija lili kuti?"

"Losavala lija? Ndinapereka kutchalitchi, nthawi ija ankasonkhanitsa zovala za anzathu amene madzi osefukira anawakokolera katundu."

Kambalame anakhala pansi osayang'ana pokhala.

"Bwanji bambo? Munali ndalama?"

"Bola zikanakhala ndalama."

Anapita mpaka ku Nsanje, kumene zovalazo zinatumizidwa. Anayenda m'midzi ndi m'misika, akuyang'ana msana wa mwamuna aliyense wovala jekete lakuda. Tsiku lina Kambalame anagwira jekete la mwamuna wina m'mphepete n'kuyamba kupapasa, ndipo akanamenyedwa pakadapanda anthu kunena kuti mwina mutu suli bwino. Anabwerako chimanjamanja, nsapato zitang'ambika.

Atafika kusukulu kuja anapeza Mwatitha atakhala patsogolo pa kompyuta yosalankhula, akudikira mnzake woti amuwerengere.

"Ndi a Kambalame amenewo?" anafunsa mtsikanayo atamva mawu awo. "Mwabwera nayo?"

Kambalame anangopitirira, kulunjika ku ofesi. Mwatitha anadikira pang'ono, kenako anatembenuka n'kuika manja pamiyendo. Chaka chimenecho ana aja anakonzekera mayeso mopempha maso a anzawo, monga kale.

Mu ofesi, Kambalame anauza Mayi Nasibeko kuti ayambiranso. Pulogalamu ya Chingerezi ija inali ikadalipo pa intaneti. Chimene chinkamudetsa nkhawa chinali mawu ojambula aja, poti nawonso anali m'jekete.

"Ndiye kuti mujambulitsanso, mayi. Kapena muli nawo pa laputopu yanu?"

"Laputopu yanga inabedwa kalekale."

"Ndiye zonse zapita."

"Zanga sizinapite. Tsiku limene tinamaliza kujambula ndinaika mawuwo poyera, n'kulemba kuti wofuna atenge. Dzulo ndangofunsa. Aphunzitsi a ku Mzuzu ali nawo, a ku Chipata ali nawo, ndipo wina amene sindimudziwa n'komwe anawachotsa phokoso, akumveka bwino kuposa kale."



"Ine ndinasunga, n'kutaya," anatero Kambalame. "Inu munamwaza, n'kupeza. Zatheka bwanji?"

Mayi Nasibeko anamukankhira mpando pafupi ndi kompyuta, nati, "Khalani apa muyambe, bambo. Kupatsa n'kuika."