Mawu Amene Ndinatola Patebulo la Dona

Lolemba
Ndikuperekera tiyi kunyumba kwa manejala wa esiteti. Dona akugwira maluwa a patebulo, akumwetulira, akuti "artificial". A kuki akuti ndiye kuti kukongola kopitirira muyeso. Ndatola. Esnati, mphunzitsi uja, akamva mawu amenewa asiya kundiona ngati wotsuka mbale.

Lachiwiri
Ndikuyeserera ponseponse. Phiri: atifisho. Tiyi wophukira mvula: atifisho. Nsapato za a kapitawo, nazonso. Lilime layamba kuzolowera.

Lachitatu
Amayi a m'mudzi akuyeserera gule wa msonkhano wa chipani wa Loweruka. Ndikuuza a tcheyamani kuti kavinidweko ndi atifisho. Akondwa. Andibwerezetsa mpaka agwira.

Lachinayi
Esnati, pansi pa mtengo wa pasukulu. Ndavala malaya obwereka. Ndikumuuza kuti kumwetulira kwake ndi atifisho, mtima wakenso chimodzimodzi. Akundiyang'ana nthawi yaitali. Akuti mawuwo amanena chinthu chochita kupanga, chachiphamaso, ngati mano oikirira. "Maluwa a donawo ndi apulasitiki, achimwene." Achimwene! Walowa m'kalasi osacheuka.

Lachisanu
A kuki akuti iwo sanalumbire kuti tanthauzo lake ndi lomwelo. Ndathamangira kwa a tcheyamani. Sakundilola kutsiriza. Akuti ndachita nsanje poti mawuwo awaika m'zokalankhula mawa, ndipo Chizungu si cha atate anga. Andifunsa khadi la chipani. Ndili nalo, mwamwayi.

Loweruka
Bwalo ladzaza. Mlendo wachokera ku boma, wa magalasi, wophunzira kunja. A tcheyamani pa chimkuzamawu: "Chikondi chathu pa Mtsogoleri, ife a kuno, ndi atifisho!" Nthungululu, ng'oma, m'manja. Inenso ndikuwomba, nanga nditani? Mlendo sakuwomba. Msonkhano usanathe a tcheyamani akwezedwa galimoto yopanda mawindo. Akazi awo akuithamangira mpaka pa mlatho, chitenje chili m'manja.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga. A tcheyamani si munthu wosunga chinsinsi, ndipo kumene awatengerako ngakhale osunga chinsinsi amayankhula. Ndamanga bulangete, malaya obwereka aja ndabweza. Amalume ali kutsidya, ku Milange, ndipo mtsinje wa Muloza waphwa. Kumeneko kuli nkhondo, koma akuti amayankhula Chipwitikizi, chimene sindidziwako ngakhale liwu limodzi. Ndikhala bwino.