Tsiku Limene a Chinkhadze Anadya Denga la Sukulu

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo amene anamva mayambidwe ena awasunge kaye.

Pasukulu ya Kanyumbu panali kalasi ya malata akale, obooka paliponse pamene panadutsa msomali. Dzuwa likawala, ana ankaona nyenyezi masana, ena mpaka kuiwala masamu n'kumangoyang'ana kumwamba. Mvula ikagwa, nyenyezi zonse zija zinkasanduka madzi. Choncho anawo ankapita kwa alimi a njuchi kukapempha phula, lija limatsala akafinya uchi. Ankaliumba timibulu, n'kukwera pamadesiki kukamata mabowo. Dzuwa la chilimwe likalisungunula, ntchito inkayambiranso.

Chaka china kunali chisankho, ndipo a Welosi Chinkhadze ankafuna ukhansala. Anabadwira komweko koma anakulira m'tauni, moti za kumudzi ankangozimvera kwa anthu. Wowatsogolera pa kampeni anali mlamu wawo, a Fulaye, amene anawapatsa malamulo awiri. Loyamba, chilichonse chimene anthu akupatsani idyani, angati mumanyada. Lachiwiri, ana musataye nawo nthawi, chifukwa mwana alibe voti.

Ana atamva kuti msonkhano wa a Chinkhadze udzachitikira pabwalo la sukulu yawo, anapangana kuti akawaonetse bwanayo chimene chimagwira denga lawo, mwina angalonjeze malata. Anatenga phula lonse limene anasungira dzinja, naliika m'mbale yotsuka bwino. Anavindikira ndi mbale ina, pakuti chinthu chopita kwa akulu sichiyenda poyera. Anasankha Elube wa Sitandade 6 kuti ainyamule, chifukwa mawu ake sankanjenjemera ngakhale pamaso pa ahedi.

Tsikulo amayi anavina, ng'oma zinalira, a Chinkhadze anakwera pansanja. Elube anadutsa pakati pa anthu, nagwada, mbale ili m'manja.

"Bwana, ife ana a sukulu ino tati..."

"Mwati bwino, mwanawe," anatero a Fulaye akulanda mbaleyo. "Ndale si za ana. Khala chete, akulu alankhule."

A Chinkhadze anavundukula. Munatuluka kafungo ka uchi. Anakweza mbale kuti onse aione, nalengeza pa chinkuzamawu kuti ngakhale ana a m'dera lino amawakonda, taonani awaphikira maswiti. Atatero anaponya kambulu kamodzi m'kamwa.

Alimi a njuchi anayang'anizana, koma mlendo akamadya sumugwira dzanja.

A Chinkhadze anatafuna. Anatafunanso. Chinthucho sichinkatha ndipo sichinkachepa. Anachimeza misozi ili m'maso, natamanda wophika. Elube, akadali chigwadire, anaimika dzanja monga amachitira m'kalasi, koma a Fulaye anamuloza ndi chala kuti alitsitse. Kenaka ananong'oneza mlamu wawo kuti kumudzi kusiya chakudya m'mbale ndi chipongwe. A Chinkhadze anali munthu womvera. Anadya kachiwiri, kachitatu, mpaka mbale inayera. Ana ankangoyang'ana dzinja lawo likulowa m'mimba mwa munthu mmodzi.

Nthawi yolankhula inakwana. Bwanayo anali atakonza mawu okoma, a bwalo la mpira la magetsi ndi msewu wa tala wofika mpaka kudambo. Koma pamenepo mano awo akumwamba ndi akumunsi anali atagwirizana kuposa chipani chawo. Chimene chinatuluka pa chinkuzamawu chinali kung'ung'udza ngati kwa njuchi. Amayi ovina anali atauzidwa kuti aziimba nthungululu bwana akapumira, ndiye anaimba. Bwana anang'ung'udzanso, iwo anaimbanso. Zinayenda choncho kwa kanthawi ndithu, ndipo agogo ena osamva bwino anati mwa onse amene anabwerapo kudzapempha mavoti, uyu yekha ndiye sananame.

Potsiriza a Chinkhadze anatembenuka, nalowetsa chala m'kamwa, namasula nsagwada. Anawerama kwa Elube, osadziwa kuti chinkuzamawu chikumvabe, nafunsa funso lawo loyamba chiyambire kampeni.

"Kodi iwe, zimenezi amaphika bwanji?"

"Saphika, bwana. Ndi phula. Timamatira denga la kalasi."

"Nanga wandipatsiranji?"

"Kuti muone, bwana. Kuvota sitivota, koma onyowa ndife."

"Bwanji sunanene?"

"Abambo awo anati ndale si za ana."

A Chinkhadze anayang'ana mlamu wawo. A Fulaye anali otanganidwa kuyang'ana mitambo, imene inali itayambadi kusonkhana.

Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo. Ana anabwerera kunyumba mayunifolomu akudontha, makope atafufuma ngati mandasi. Makolo atafunsa, mwana aliyense anayankha zoona zokhazokha, kuti denga anadya a Chinkhadze. Nkhaniyo inachoka m'nyumba n'kupita pamjigo, ndipo kumeneko amayi anaiona mofatsa. Anati munthu amene wadya denga asanakhale pampando, akadzakhalapo adzatisiyira chitseko?

Pa chisankho anapambana Mayi Nangozo, amene ankagulitsa tomato pamsika. Atangolumbira anapita kusukulu, nadzipanikiza pakadesiki, nafunsa ana kuti mpando wonyowa kwambiri ndi uti. Malata anachedwa monga zimachedwera zinthu zotere, koma anafika. Mayiwo akapatsidwa mbale yovindikira ankayamba afunsa dzina la chili m'katimo, ndipo ankafunsa wamng'ono wa onse.

A Chinkhadze anabwerera kutauni. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala, linatsala limene ana anawapatsa, lakuti Safunsa. N'chifukwa chake mpaka lero, wamkulu akatseka mwana pakamwa n'kukagwa m'dzenje limene mwanayo ankafuna kumulozera, timangoti: Safunsa anadya phula.