Petulo wa Theka la Ola

Inu amene mumati Tadala wa ku Kawale satha ngakhale kuyankha moni, khalani pansi, chifukwa ine ndinazazirapo masamba atatu a pa intaneti mpaka awiri anapepesa. Sekani, koma mboni zilipo.

Amayi Nankhoma, oyandikana nafe nyumba, amene m'mawa uliwonse amandisiyira mandasi awiri pawindo, anamva kuti kwaya ya amayi a kutchalitchi kwawo ionetsedwa pa TV Loweruka, kamodzi kokha. M'kwayamo munali mng'ono wawo, amene anajambulidwa asanayambe kudwala, ndipo tinali titamuika m'manda mwezi womwewo. Tsoka ilo, Loweruka linali tsiku lathu lozimitsiridwa magetsi, ndipo jenereta ya Abambo Chimwaza, ometa tsitsi, inali ndi petulo wongokwana theka la ola.

"Mwanawe, iwe unapita kusukulu," anatero Amayi Nankhoma. "Tiuze nthawi yoliza jeneretayo. Ndikamuphonya, sindidzamuonanso."

Ndinatsegula masamba atatu olemba ndandanda ya mapulogalamu. Loyamba linati 2 koloko, lachiwiri linati 3 koloko, lachitatu, lodzaza ndi zithunzi zokongola, linati 4 koloko. Mukumva? Netiweki inkathawa, ndiye ndinakwera padenga, kuchoka padenga ndinalumphira mumtengo wa mango, mtengowo poona kuti nkhani yavuta unatalika wokha mpaka maminibasi a ku Area 25 ndinkawaona ngati nyerere, ndipo kumwamba komweko masamba atatu aja anayamba kukangana m'foni mwanga, lililonse kudzitama ndi kunyoza anzake, foni n'kutentha moti ndinakazingirapo mtedza umene unali m'thumba, wonse n'kupsa bwinobwino, akhwangwala n'kuima pamzere kupempha.

Pamenepo ine, amene pogula tomato ndimayang'ana pansi, ndinakweza mawu. Anamveka mpaka ku Biwi, makondakitala n'kusiya kuitanira. Tsamba la zithunzi lija linagwada, n'kuulula kuti limalemba nthawi ya mayiko a kum'mawa, amene amatsogola ndi ola limodzi. La 2 koloko linalira misozi, linati ndandanda yake ndi ya mwezi watha, eni ake sanaisinthe. La 3 koloko, losawoneka bwino, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi, lomwe silinadye bandulo yanga, linangobwereza nthawi yake yomweyo ngati munthu wodziwa chimene akunena.

Ndinatsika n'kunena kuti, "3 koloko."

"Ukalakwitsa petuloyu sabwereranso, mwana iwe," anatero Abambo Chimwaza, atagwira kale chingwe cha jenereta. Anali atabweza makasitomala awiri kuti petuloyo asungike, koma sanauze aliyense. Ine ndinaona.

Anakoka chingwe. TV inayaka, kwaya n'kutulukira, mng'ono uja ali pamzere wakutsogolo, duku litapendekeka monga mwa masiku onse. Amayi Nankhoma anapukuta galasi la TV ndi nsonga ya chitenje, n'kumaimba naye pang'onopang'ono. Petulo anathera pa Ameni penipeni.

Chabwino, ndivomere chimodzi. Nditangotsika, mkazi wa Abambo Chimwaza anandinong'oneza kuti msuweni wake, amene amasesa kunyumba youlutsira TV, wamuimbira kuti kwayayo ionetsedwa 3 koloko. Mpaka lero mayiyo sanauzepo munthu, amangondisekerera tikakumana pampope. Koma mtedza uja ndinakazinga ndine, ndipo wokayika abwere ndi wake, foni ndi yomweyi.