Mpweya wa M'mimba ndi Ulemu wa Apongozi

Chipsera cha pamimba panga ndimaonetsa aliyense wofuna kuona, koma nkhani yake ndimaidulira panjira. Lero ndiimaliza, poti amene akanandiseka kwambiri anatsogola kale.

Zinachitika Apwitikizi asanachoke, Ulongwe tikumutchabe Vila. Ine ndinali mkamwini ku Lifidzi. Tsiku lina ndikupalira nyemba, m'mimba munandipota mpaka ndinagwa pamzere. Ananditengera kuchipatala pangolo, adotolo nati matumbo apotana, ndipo ananding'amba kuyambira pachifuwa mpaka kunsi kwa mchombo. Potsitsimuka ndinapeza atandisoka ngati thumba la mbatata.

Ululu wa bala sunandivute kwenikweni. Ankandibaya injesawu, ndipo a Irima, sisitere wachizungu woyang'anira chipinda chathu, anandiphunzitsa kukumbatira mtsamiro ndikafuna kutsokomola. Chinandizunza n'china: mimba inafufuma n'kuuma gwa, mpweya ukungozungulira m'kati kusowa potulukira. A enfirimeru, bambo wa kwathu konkuno wothandiza odwala, anandimasulira mawu a Irima mosapsatira.

"Bambo, ululu umenewu ulibe jakisoni wake. Muziyendako pang'onopang'ono, ndipo mpweya ukafuna kutuluka musaubweze. Musanaphwise simulawa kanthu, ngakhale phala."

Ndinavomera mosangalala. (Ntchito imeneyo ndinali nditaigwira moyo wanga wonse popanda wondiphunzitsa.)

M'mawa wina ndinamva kuti zinthu zayamba kusuntha. Ndikukonzeka bwinobwino, chitseko chinatseguka, n'kulowa mkazi wanga Nabanda. Pambuyo pake panali mayi ake.

Ana a masiku ano simungamvetse. Nthawi imeneyo mkamwini akaona apongozi akubwera, ankapatukira kutchire. Sitinkayang'anana, sitinkadyera pamodzi, mawu athu ankadzera mwa Nabanda. Chikwatirireni mwana wawo, mayiwo anali asanandimvepo ngakhale ndikugeya. Tsono ndi iwowa anayala nsalu pansi, m'mbali mwenimweni mwa kama, n'kukhala chondifulatira, khutu lawo likulingana ndi matiresi.

Ndinabweza. Maso anachita kutuluka, koma ndinabweza.

"Nabanda," ndinanong'ona, "auze amayi kuti ndathokoza, koma akapume panja. Muno mukununkha mankhwala."

Anakambirana monong'ona, kenako Nabanda anati, "Akuti sachoka. Akuti sanayende mtunda wonsewu kudzaona mitengo."

Ndinaganiza nzeru ina. Ndinati ndikufuna kuyendako monga ananenera a Irima, mumtima ndikuti ndikakangofika kuseri kwa chipatala, zithere komweko. Ndinatsika pakama nditapindika, mtsamiro pamimba, Nabanda atandigwira mkono. Apongozi nawo anadzuka. Ndipo poti mwambo sunkawalola kuyenda pambali panga, anasankha kunditsatira pambuyo. Pambuyo penipeni! Tinazungulira khonde lonse chotero, ine ndikuyenda ngati ndapanira dzira, n'kubwerera pakama katundu ali yemweyo.

A Irima anabwera, nandiyang'ana ndi nsidze zofunsa. Ndinapukusa mutu. Anagogoda mimba ndi zala, nkhope yawo n'kusintha, ndipo analankhula mwachangu ndi a enfirimeru.

"Akuti likapendeka dzuwa zili chonchi, aitana adotolo," anatero a enfirimeru. "Mwina matumbo agwirananso. Akatero ndiye kung'ambanso."

Kunena zoona ndinachita mantha. Mpeni ndinkauopa ndi mtima wonse. Koma ndikayang'ana duku la apongozi lili pomwepo, ndinkaona kuti mpeniwo ukuchepa. (Musandifunse kuti nzeru zinali kuti. Zinali m'mimba, pamodzi ndi zinazo.)

Chipulumutso ndinachiona dzuwa lili paliwombo, belu la kutchalitchi litayamba kuitanira pemphero la masana. Linkalira mwamphamvu, mazenera kuchita kunjenjemera. Ndinati basi, mwayi ndi uwu, phokoso langa libisala m'phokoso la belu. Ndinakumbatira mtsamiro, ndinatsinzina, n'kumasula.

Chimene ndinaiwala n'chakuti belu la pempherolo limalira pang'ono n'kupuma.

Linapuma. Chipinda chonse chinali zii, odwala ataweramitsa mitu, a Irima atagwira korona. M'batamo ndi mmene ndinalowa ine, ndekhandekha, ndipo sizinali zachidule ayi. Zinayamba ndi mawu aakulu, zinakwera, zinatsika, zinakhala ngati zatha, n'kuyambiranso. Ndinakoka bulangete kufunda kumutu, ndikupempha Mulungu kuti anditenge pomwepo.

Kenako ndinamva nthungululu. Nditasuzumira, ndinaona apongozi ataimirira, akundiyang'ana m'maso koyamba chibadwire, misozi ili mbwembwembwe.

"Watuluka! Akamwini, watuluka! Ambuye ngabwino!"

A Irima anathamanga, kuseka kwinaku akuwomba m'manja. Mkulu wina wa kama woyandikana nane, wosokedwanso pamimba, ankaseka akulira, akuchonderera kuti tileke tingamuphulitse ulusi.

Nabanda ndiye anandiululira. A enfirimeru anali atawauza pakhomo pomwe kuti moyo wanga ukudikira mpweyawo. "Ndiye amayi anati akhale pafupi, poti makutu awo ngakuthwa, ungatuluke mwakachetechete ife osadziwa."

Choncho m'mawa wonse iwo ankadikira ine, ine ndikudikira iwo. Ululu unatha nthawi yomweyo, ndipo madzulo ndinamwa phala lokoma kuposa lililonse limene ndinalawapo.

Masiku ano wina akamapita ku operasawu kukang'ambidwa ndimamulangiza molimba mtima kuti manyazi aziwasiya pakhomo pa chipatala. Koma ineyo sindinaphunzire kanthu. Mpaka mayiwo kumwalira, ndikawaona panjira ndinkadumphirabe m'chimanga, iwo ataima pamsewu akufuula mudzi wonse ukumva: "Akamwini, musabisale! M'mimbamo mukuyenda bwino?"